Sopo wa Lachitatu

Masana a Lachiwiri limenelo onse anali pakhonde la kuseri, akuswa mtedza. Reinford anali atabwera kudzapuma kuchokera ku shedi ya fodya, zala zikadali zakuda ndi utomoni wa masamba. Mlamu wake Lexon anali atasiya njinga ya munthu ataigadabuza pansi pa mtengo wa mango, n'kudzakhala pa chitsa chake cha masiku onse. Pakati pawo, pamphasa, panali Evelina, mwana wa Reinford, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, timiyendo take towonda titapindikira kumbali monga tinakhalira chichokereni matenda amene anamugwira akuphunzira kuyenda. Kapitawo wa ntchitoyo anali iyeyo. Aliyense woponya mtedza m'kamwa m'malo mwa m'lichero ankalandira khoko pamphumi.

"Atsibweni, ndakuonani."

"Unali wofumbwa umenewo," anatero Lexon. "Ndimafuna ndikupulumutseni."

"Wofumbwa mungautafune mokoma chotero?"

Reinford anaseka, koma Consolata, mayi wa mwanayo, sanaseke. Lexon anamuyang'ana mlongo wakeyo. Chibwerereni kumasitolo anali asanatulutse mawu, ndipo dengu limene anapita nalo linali pakhomo, lopanda kanthu. Lexon anavula yunifolomu ya upolisi chaka cha chipwirikiti chija, anthu atakwiya ndi boma la Chitaganya, koma chizolowezi chimodzi sichinavulike: maso ake ankayamba kuona chimene chikusowa.

"Mlongo wanga, sopo ali kuti?"

Consolata anaswa mtedza wina, n'kuswanso wina.

"Agogo a sitolo atibweza," anayankha Evelina.

Agogo a sitolo anali a Haroon, Mmwenye wachikulire wa sitolo yoyandikana ndi mlatho. Tsiku lina kale, Consolata atausa mvula pakhonde la sitoloyo, mkuluyo anaona kumsana kwake mwana wamkulu amene miyendo yake inkangolendewera. Sanafunse zambiri. Anangonena kuti chilichonse chofunika pa mwanayo, kaya ndi sopo, palafini kapena kaki wolimba womanga m'mawondo pokwawa, azigula pa theka la mtengo. Panalibe pepala, panalibe chidindo. Lamulo linali limodzi: mwanayo azibwera naye, kuti mkuluyo amuone ndi kumupatsa switi wofiira.

"Akuti ndine wakuba," Consolata anayankhula tsopano, maso ali m'lichero. "Akuti Lachiwiri ndimagula kwa iwo, ndiye Lachitatu akapita ku sitolo yawo ya ku Nathenje ndimabwereranso kwa mkamwini wawo kukatenga sopo wina wokagulitsa kumsika. Akuti mwana ndamusandutsa khasu. Anena pamaso pa anthu, achimwene."

"Asiyeni!" anatero Reinford. "Masitolo ndi ambiri m'Lilongwe muno."

"Ndi ambiri, inde. Nanga fodya akatha, shedi n'kutsekedwa, mwanayu adzakwawa ndi mawondo osamanga?"

Reinford anatenga mtedza wina n'kuswa.

"Sanandiyang'ane n'komwe," anatero Evelina motsitsa mawu. "Ndinawapatsa moni kawiri."

Mawu amenewa ndi amene anamudzutsa Lexon pachitsa. Kwa Achewa mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo misozi yake imagwera pakhomo pako. Anasasa makoko pa kabudula wake pang'onopang'ono.

"Lachitatu lililonse amako amakhala kudimba, iwe umakhala ndi ine pansi pa mango kundigwirira masipoko. Si choncho, kapitawo?"

"Ndi choncho."

"Nanga mwana amene amapita kusitolo Lachitatu ndi wa yani?"

* * *

M'sitolo ya a Haroon munkanunkhira palafini, mchere ndi nsalu zatsopano. Mkuluyo anali kuseri kwa kauntala, kachipewa koyera kumutu, akupukuta sikelo imene inali yoyera kale.

"Kopolo," anatero osatukula mutu. "Mwabwera ngati wapolisi kapena ngati malume?"

"Upolisi ndinasiya, bwana. Umalume susiyika."

"Ndiye mukanena zabwino za mlongo wanu ndidabwe?" A Haroon anaika kansalu pansi. Chinyanja chawo chinali cha munthu amene wakalambira pakati pa eni ake. "Ine sindikulira sopo. Sopo ndi thovu. Kwathu kutsidya la nyanja, mayi anga anabereka mng'ono wanga kumsana mpaka ndevu zinamera. Ndikaona mlongo wanu akukwera pakhonde apo, ndimaona msana wa mayi anga. Msana umenewo ndi umene wandiseka. Hanif! Bwera uwauze."

Hanif, mkamwini wawo, anatuluka pakati pa mabelo a nsalu. Anali bambo wa thupi, wobwera kumene kuchokera ku Limbe, ndipo ankayankhula ngati lole yotsika phiri.

"Ine ndilibe mlandu, a Kopolo, ndilibe ngakhale pang'ono. Apongozi anati: mayi wobereka mtsikana wamkulu akanena kuti ndadzera za Evelina, theka. Wabwera mayi, mtsikana wamkulu kumsana, wanena mawu omwewo, ine theka. Sabata inayo, theka. Inayonso, theka. Dzulo apongozi akufunsa kuti sopo akuthera kuti, ine ndanena. Ndalakwa pati?"

"Nkhope yake munaiona?"

"Duku mpaka m'maso, nsalu yakuda ya biriwita. Amayi onse a kumsika si biriwita yemweyo?"

"Nanga ya mwana?"

"Yofunditsidwa. Anati dzuwa limamupweteka."

"Mlongo wanga munamuonapo?"

"Lachiwiri ine ndimakhala pa lole ya ku Salima kukatenga katundu. Lero lokha ndatsala, koma pamene amabwera ndinali kuseri."

"Ndiye kuti simukumudziwa." Lexon ananena zimenezi mofatsa, akuyang'ana a Haroon. "Mayi wa Lachitatuyo amagula chiyani?"

"Sopo," anayankha Hanif.

"Ndi chiyani china?"

"Sopo yekha, wautali uja wosadula. Ndinamuonetsa kaki watsopano wolimba bwino, wakana. Shuga, wakana. Switi yekha ndiye sakanidwa. Kadzanja kamatuluka m'nsalu, tsomp! kabwerera."

Lexon anaima kaye pamenepo. Wakuba wopatsidwa sitolo yonse pa theka la mtengo, n'kumatenga sopo yekha? Ndipo mayi wa mwana wokwawa angakane kaki?

"Kaya ndi iyeyo, kaya anatuma mnzake, kwa ine n'chimodzimodzi," anatero a Haroon. "Mawa ku Nathenje sindipita. Ndikhala kuseri kwa matumba a mchere awo. Akabwera, n'kupezeka kuti ndi mlendo kwa inu, ndiitana apolisi enieni ndipo mlongo wanu ndidzamupepesa. Akapanda kubwera, ndidziwa kuti mwamuchenjeza chifukwa ndi wanu. Zikatero, za theka zatha. Kwa aliyense."

* * *

"Che Kopolo. Tabwerani mundigwirire nsalu iyi."

Anali Iddi, telala wa pakhonde la sitoloyo, Myao wa ku Fort Johnston amene makina ake ankalira pamenepo chiyambire nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Nsaluyo sinkafuna kugwiriridwa. Lexon anaigwirabe.

"Zitseko za Amwenye n'zopyapyala," anatero Iddi, zingano ziwiri zili pakamwa. "Ndamva zonse. Mukufunsa nkhope kwa munthu amene amangoona ndalama. Bwanji osafunsa mapazi kwa ine?"

"Mapazi?"

"Ine tsiku lonse mutu uli pansi. Nkhope za m'tauni muno sindizidziwa, koma mapazi ndingawatchule mayina. Anu awa, lamanzere limaponda chakunja. A mdzukulu wathu Evelina ndimawadziwa ngati anga. Osalala ngati a khanda lobadwa dzulo, ndipo amayi ake akamayenda amangoti lende lende, ngati zipwete pampanda."

"Nanga a Lachitatu?"

Iddi anachotsa zingano pakamwa.

"A Lachitatu ndi mapazi a mbuzi, Che Kopolo. Zidendene zong'aluka, fumbi lofiira mpaka m'akakolo, chala chachikulu chomanga kansanza chifukwa chopunthwa. Wopunthwa ndi woyenda. Miyendo nayo yakola m'chiuno mwa mayi wake ngati wokwera mtengo wa papaya. Ine ndinkayesa ndi m'bale wanu amene mwamutuma, mwana weniweni wadwala. Ndinati za eni."

"Si m'bale wathu."

"Ndiye pali china chimene chandizunguza. Mlongo wanu amabereka ndi nsalu ziwiri, ina yapansi yonyamula matako, ina yapamwamba yogwira mapewa, mfundo pambali apa. Amatero chifukwa mwana sadzigwira yekha. Mayi wa Lachitatu naye nsalu ziwiri, mfundo pambali. Ndinamuona akuikonza apa pakhonde, osayang'ana n'komwe, zala zikungodziyendera. Munthu wongoonera kwa mnzake samanga chotero. Manja amenewo anazolowera."

"Anazolowera pa mwana woyenda?"

"Ndi zimene ndikukufunsani inuyo, wapolisi ndinu. Manjawonso ndi otuwa, osweka m'zala ngati a munthu wogona m'madzi. Akachoka pano salowera kumsika. Amatsikira kumtsinje."

Lexon anadzerabe kumsika, kuti mtima ukhale m'malo. Nambewe, mayi wamkulu amene ankagulitsa sopo wodula tizidutswa pafupi ndi a nsomba zouma, anamuseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Wina agulitse sopo mumsika muno ine osadziwa? Iii, bambo inu! Ntchentche ikatera pa sopo wa munthu wina ndimamva kuyabwa ine. Kulibe. Sopo wanuyo sakugulitsidwa, akuchapira."

Potsika njira ya kunyumba Lexon ankayenda pang'onopang'ono. Sopo wautali wathunthu, sabata ndi sabata. Pakhomo pa munthu wosauka, chimene chingadye sopo chotero n'chiyani?

* * *

Anapeza Reinford atabwerera ku shedi. Consolata ankapeta mtedza, Evelina akusankha wowola. Lexon anakhala pachitsa n'kufotokoza zonse, kuyambira sopo mpaka mfundo ya pambali.

"Wochapira Azungu amapatsidwa sopo ndi dona wake," anatero Consolata. Kenako lichero linaima m'manja mwake. "Pokhapokha... Mukukumbukira chaka chimene uyu anadwala, asanayambe kudzikoka yekha kupita kuseri? Ndinkachapa m'mawa, masana, madzulo. Zala zinasweka mpaka magazi."

"Chala chomanga kansanza ndi cha Fanesi," anatero Evelina.

Onse awiri anatembenuka.

"Fanesi wa kwa aNankhoma, kumpanda wautali wa bango kumtsinje kuja. Anapunthwa pa chitsa. Amabwera kudzasewera nane mayi ake akamatunga madzi. Tsiku lina anandionetsa switi wofiira ngati wa agogo, koma anangonyambita pang'ono n'kumumanga pansalu. Ndinati tigawane, anati ayi, ndi wa munthu wina."

"Munthu wake uti? Mwana alipo yekha pakhomo paja," anatero Consolata. "Bambo wake, Nebert, anapita ku Halale kalekale."

"Kaya. Koma mayi ake amaima pampanda pathu kumationerera mukamandibereka. Tsiku lina anandifunsa kuti, anthu akamakuyang'ana mumsewu suchita manyazi?"

"Unati chiyani?" anafunsa Lexon.

"Ndinati nanenso ndimawayang'ana."

Lexon anaseka pang'ono.

"Unayamba walowako kumpanda kwawoko?"

"Salola munthu. Fanesi amati kuli galu wolusa." Evelina anaponya mtedza wowola kutali. "Koma atsibweni, tikamadutsa popita kudimba galuyo sindinamumvepo akuuwa. Ndimangomva mayi ake akuimba nyimbo yogonekera mwana."

Consolata anaimirira n'kutenga nsalu zake ziwiri pachingwe.

"Ndipita ndekha," anatero Lexon.

"Mwamuna, wapolisi wakale, pakhomo pa mkazi wokhala yekha? Sakutsegulirani. Ndiponso dzina limene laipitsidwa ndi langa. Ndikufuna andiyang'ane m'maso."

* * *

Dzuwa linali litafika pamwamba pa mitengo ya bulugamu pamene anaima pa chipata cha bango. Consolata anaodira kamodzi, n'kukankha osadikira.

Galu kunalibe. Kunali zingwe zitatu zomangidwa kuchokera pa nyumba kufika pa mpanda, zonse zodzaza nsanza zochapidwa bwino: zidutswa za mabulangete, za matumba a ufa, za malaya akale a mwamuna. Bwalo lonse linkanunkhira sopo. Kamtsikana ka chala chomanga kanathawira kuseri kwa mtondo. Mayi wowonda anadzuka pa beseni, thovu likuchucha m'manja otuwa. Ataona Evelina kumsana, anakhalanso pansi.

"ANankhoma," anayamba Consolata, "ndinakulakwirani chiyani? Madzi timatunga chitsime chimodzi. Lero ndatchedwa wakuba pamaso pa anthu. Mwana wanga wapereka moni kwa munthu amene amamutcha agogo, osayankhidwa. Inu mwatenga dzina lake n'kukaveka mwana wa miyendo yake iwiri!"

Nankhoma sanakane. Anangoyang'ana manja ake.

Pamenepo m'nyumba munamveka mawu. Sikunali kulira, sikunalinso kuyankhula. Kunali kuitana kwa munthu amene wamva alendo ndipo akufuna kudziwa.

"Mayi," anatero Lexon mofatsa, atavula chipewa, "sitinabwere ndi unyolo. Tiloleni timupatse moni mwini nyumba."

Mkati munali mdima wozizira. Pa mphasa yoyalidwa bulangete loyera panagona mnyamata wamkulu kuposa Evelina, manja atapindikira pachifuwa, mutu utapendekera kumodzi. Tsitsi linali lometedwa bwino, khungu lodzoledwa mafuta, popanda ndi chilonda chimodzi chomwe. Lexon, amene anaonapo odwala ogonera kumodzi, anadziwa kuti thupi lotere limagulidwa ndi tulo ta mayi. Maso a mnyamatayo anali akuluakulu, ndipo ankathamanga kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina.

"Ndi Paxton," anatero Nankhoma ali pakhomo. "Woyamba wanga."

Consolata anagwada pang'onopang'ono, n'kumasula mfundo ya pambali. Ukali wonse umene anabwera nawo sanaupezenso poti augwire.

"Chaka chimene anabadwa, bambo wake anagula njinga ndi makina osokera," Nankhoma anapitiriza. "Ndalama zake zinali za fodya, aliyense ankadziwa. Koma mwana atafika posakhala, posayankhula, kumudzi anayamba kunena kuti Nebert wamukhwimira mwana kuti alemere. Pachitsime ankandithawa. Ana ankaponya miyala padenga. Tinabwera kuno usiku, mwana atafunditsidwa ngati katundu, ndipo bambo wake anandilumbiritsa kuti munthu asadzamuone. Iye anapita ku Halale kukafuna ntchito. Poyamba ankatumiza kangachepe."

"Nanga bwanji osangobwera kwa ine?" anafunsa Consolata.

"Ndinkabwera. Ndinkafika pampanda panu, mawu n'kuthawa. Tsiku lina ndinali m'sitolo kugula mchere, ndinakumvani mukunena mawu aja, ndinaona Mmwenye akusekerera mwana wanu. Ndinati, sopo yekha. Nsima tingagone nayo njala, koma uyu akagona ponyowa, zilonda."

Lexon anawauza zonse mosabisa: za matumba a mchere, za apolisi, ndi zimene zidzachitikire Evelina ngati mawa kusitolo sikufika munthu.

"Ndipita ndekha," anatero Nankhoma. "Andimange. Koma uyu asatuluke. Simukuwadziwa anthu, bambo."

"Akakumangani, adzamutembenuza ndani usiku?" anafunsa Lexon.

Evelina anali atadzikoka kale mpaka pamphasa. Anayang'ana mapazi a mnyamatayo, n'kuyang'ana ake.

"Ali ngati anga," anatero. Kenako anaweramira kwa Paxton. "Iwe, unaonapo lole? Nanga mlatho? Ayi? Pali telala wina amasoka ndi zingano m'kamwa, tsiku lina adzameza."

Paxton anatulutsa mawu aja, maso ali pa iye.

Potuluka, Lexon ananena kuti iye dzina la munthu sakalitchula kwa a Haroon. Anayang'ana mlongo wake, podziwa kuti mtengo wa lonjezo limenelo adzalipira ndi iyeyo. Consolata anamanga mfundo yake, n'kuikoka kawiri.

"Mawa m'mawa ndidzera pano popita kusitolo," anatero. "Ndidzaima pachipata. Anthu amayang'ana, aNankhoma, sindikunamizani. Tsiku loyamba amayang'ana kwambiri. Koma misana ikakhala iwiri, maso awo amagawikana."

Nankhoma anatseka chipata, ndipo anamumva akukoka mtengo wotsekera.

* * *

Lachitatu m'mawa Lexon anali pakhonde la sitolo, atanyamula tayala la njinga limene silinkafuna kukonzedwa. Alimi ankadutsa ndi ngolo za fodya kulowera ku shedi. M'kati, Hanif ankayendayenda kuseri kwa kauntala, ndipo kuseri kwa matumba a mchere kunkamveka kubuula kwa munthu wachikulire amene mawondo ake sanapangidwire kubisala.

Dzuwa linakwera. Makasitomala analowa, anatuluka. Lexon anazungulitsa tayala lija mpaka Iddi anamuuza kuti akumuchititsa chizungulire.

Kenako makina a telalayo anaima.

"Che Kopolo," anatero, mutu uli pansi monga mwa masiku onse. "Kukubwera mapazi anayi osaponda pansi."

Amayi awiri ankachokera ku mlatho, aliyense ndi nsalu ziwiri ndi mfundo pambali, Fanesi akutsimphina pambuyo. Anthu ankayang'anadi. Mayi wina wosenza nkhuni anaima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa. Nankhoma ankayenda maso ali pansi, koma Evelina, ali kumsana kwa mayi ake, ankabweza diso kwa aliyense, uku akufotokozera Paxton, amene anali wofunditsidwa kumutu, zonse zimene ankadutsa.

"Ndi ameneyo!" anafuula Hanif atangolowa. "Wa biriwitayo! Apongozi, tulukani!"

A Haroon anadzuka movutikira, mchere uli m'ndevu. Anali atakonzeka kukalipa, ndipo chala chinali kale m'mwamba.

"Ndine, bwana," anatero Nankhoma, mawu ali aang'ono. "Awa sankadziwa kanthu. Ndinkabereka uyu woyendayu, n'kumatchula dzina la mwana wawo. Sopo ankapita kwa uyu."

Anatembenuka chammbali n'kutsitsa nsalu imene inaphimba mutu wa mnyamatayo. Paxton anaphethira ndi kuwala. Anayang'ana mabelo a nsalu zamitundumitundu, mabotolo a switi, nyali zolendewera kudenga, n'kumaliza ndi nkhope ya mkulu wa ndevu zoyera.

Chala cha a Haroon chinatsika chokha. Anayang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, ndipo Lexon anaona kuti maganizo a mkuluyo sanalinso m'sitolomo.

"Dzina lake?"

"Paxton."

"Zaka zonsezi ali kuti?"

"M'nyumba."

"M'nyumba," anabwereza a Haroon. Anatulutsa mpango n'kupukuta mchere m'ndevu, ndi m'maso momwe. "Mayi, inu mwandinamiza, ndipo mwandilakwitsa kwa munthu wosalakwa. Chimenecho ndi choipa. Koma sopo wanga wasambitsa mwana woyenera. Dzina lokha ndi limene linali la wina. Hanif, wamva? Mayi uyu akati ndadzera za Paxton, theka. Lamulo ndi lomwe lija: azibwera naye. Ndipo iwe uziyang'ana anthu kumaso."

"Kumapazi," anatero Iddi ali pakhonde.

A Haroon anatuluka kuseri kwa kauntala, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kuima pamaso pa Consolata.

"Mayi, dzulo pakamwa panga panathamanga kuposa mutu. Ndinanena pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Mundikhululukire."

"Zatha, bambo," anatero Consolata.

"Kwa ine sizinathe," anatero Evelina. "Dzulo ndinakupatsani moni kawiri."

"Ndiye ndiyankha kawiri. Ndili bwino, mdzukulu wanga. Ndili bwino, kaya iwe?"

"Nanga switi wa dzulo?"

Mkuluyo anatsegula botolo. Awiri anapita kwa Evelina, mmodzi kwa Fanesi, amene nthawi ino anamuponya yense m'kamwa. Wa Paxton anamupereka kwa mayi wake, ndipo Nankhoma anamugwirizira pamilomo kuti anyambite. Kenako a Haroon anatenga sopo wautali awiri pashelefu n'kuyamba kukulunga m'pepala, uku akukangana ndi Consolata za kaki watsopano, ngati analidi wolimba monga Hanif ankanenera.

Amayiwo anatsitsa ana pakhonde kuti misana ipume. Iddi anayala chidutswa cha nsalu pafupi ndi makina ake, ndipo anagoneka Paxton pamenepo, mutu uli pamwendo pa Evelina. Telalayo atapondaponda kuti amalize msoko, makina analira, gudumu linazungulira, ndipo mnyamatayo anadzidzimuka. Kenako anaseka, kuseka kwakukulu kosweka, kumene kunatembenuza anthu mpaka kutsidya la msewu. Nankhoma anagwira pakamwa.

Msoko unatha. Iddi anadula ulusi, n'kuchotsa nsaluyo. Anayang'ana mnyamatayo, amene maso ake anali akadali pa gudumu, ndipo anaikanso phazi pa chopondera n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu.

Lexon anakoleka tayala lake paphewa. Pansi pa mango njinga ya munthu inali ikadali chigadabukire, ndipo mwini wake anati abwera masana.

"Kapitawo," anatero, "masipoko andigwirira ndani lero?"

"Yambani nokha, atsibweni," anayankha Evelina osatembenuka. "Ndikumuonetsa kaye lole."